Ndikuikira kumbuyo sewero lopanda pepala

Tsiku lina la msika, m'nyengo yacisanu titangomaliza kukumba mbatatesi, mphepo inandithamangitsira m'baraka ina pafupi ndi cipata ca malire pa Calómuè. M'katimo munali anyamata oposa khumi atazinga televizau yoyendera batire la sola. Ndinayesa akuonera mpira, kapena mafilimu ankhonya aja omasuliridwa m'Cicewa amene amabwera pa timakhadi ta foni kucokera ku Dedza. Koma ayi. Pagalasipo panali amuna anayi ovala zovala wamba, ali pabwalo lopanda nyumba, lopanda mtengo, lopanda ciliconse. Awiri a iwo anapatsidwa cinthu cacikulu casiponji, copindika ngati cikwakwa. Wina anaciika pamutu, cinasanduka nyanga ya ng'ombe. Mnzake anacilanda n'kuciika kukhutu, cinasanduka foni. Kenako cinakhala ndevu, kenako mcira, kenako bwato. Mayi wina wacikulire wogulitsa zitumbuwa pakhomo, amene Cingerezi sadziwa ngakhale liwu limodzi, anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya citenje. Inenso ndinaseka, ndipo chapa ya ku Ulónguè inandisiya.

Sabata yomweyo ndinafotokozera mnzanga wina amene tinaphunzitsa naye pasukulu imodzi zaka zambiri. Anandiyang'ana ngati ndalawa kacasu m'mawa. Anati: "Acimwene, ndi imvi zimenezi mukuseka anthu ongobwebweta? Sewero lopanda phunziro ndi gaga. Ana athu akutha nzeru ndi zimenezo." Mawu amenewa si ake yekha. Ndawamva kuchalichi, ndawamva pamsonkhano wa makolo kusukulu, ndawamvanso kwa ena a ife amene timadzicha osunga cikhalidwe. Ndalemba kuti ndiwayankhe onse pamodzi, ndipo ndineneretu kuti akulakwa.

Poyamba ndifotokozere amene sanaoneko. Pulogalamu imene ndinaipeza m'baraka muja dzina lake ndi Whose Line Is It Anyway? Anaiyambitsa ndi Dan Patterson ndi Mark Leveson pa wailesi ya BBC ku Britain m'caka ca 1988, ndipo caka comweco inasamukira pa kanema wa Channel 4, woiyendetsa ali Clive Anderson. Mu 1998 Aamereka anayamba yawo ndi Drew Carey. Itaima kwa zaka zingapo inabwereranso mu 2013, woiyendetsa ali mayi wochedwa Aisha Tyler. Kapangidwe kake n'kosavuta. Ocita sewero ndi anayi, ndipo palibe amene wapatsidwa mawu oti aloweze. Woyendetsa amachula masewera, amapempha oonera kuti apereke malo, nchito kapena dzina, basi sewero liyambe pomwepo. Pali masewera ena oti anthu awiri azilankhulana ndi mafunso okhaokha, wolephera acoke alowe wina. Pali oti wina abise manja kumbuyo, mnzake alowetse ake m'khwapa mwa woyambayo kuti akhale ngati manja ake, ndiye aphike kapena adye cakudya ndi manja osaona. Pali oti atole m'cipewa timapepala tolembedwa ndi oonera. Pali oti apeke nyimbo nthawi yomweyo yonena za munthu amene wangoitanidwa kucokera pampando, ndipo pamenepa katswiri ndi Wayne Brady, amene analandira mphotho ya Emmy mu 2003 cifukwa ca pulogalamu yomweyi. Woyendetsa amagawa mapointi mwacisawawa, ndipo aliyense amadziwa kuti mapointiwo alibe nchito. Inu amene mumamva bwino Cipwitikizi kuposa Cingerezi, za mtundu womwewu ziliko ku Brazil: gulu la Barbixas lili ndi sewero lake lochedwa Improvável, ndipo mu 2010 kanema wa Band anayamba kuonetsa É Tudo Improviso.

Tsono mayi wa zitumbuwa uja anaseka ciyani, iye wosamva cinenero?

Ganizirani mtsinje wodzaza m'mwezi wa Januwale. Munthu akamaoloka pamlatho wa simenti palibe amene amaima kuti amuonerere. Koma akakwera pamtengo umodzi woterera uja tinaugoneka tokha, njinga ili paphewa, a tsidya lino ndi a tsidya linalo onse amasiya zocita. Mtima umakhala m'mwamba. Akafika timaomba m'manja, akaterereka n'kunyowa mpaka m'ciuno timafa nako kuseka, ndipo palibe amene amabwerera kunyumba akudandaula kuti wataya nthawi. Masewero amenewa amatigwira mtima m'njira yomweyo. Munthu ali pamtengo, ndipo angathe kugwa ife tikuona. Mwa anayi aja muli mkulu wina wadazi, Colin Mochrie. Akamuponyera cinthu covuta pamakhala kamphindi kamene maso ake amangoti tong'o, ndipo tonse timadziwa kuti m'mutumo mulibe kanthu. Kenako kanthu kamatulukira. Kamphindi kameneko sikafuna womasulira. Aliyense amene anafunsidwapo funso mwadzidzidzi pabwalo la mfumu, anthu onse maso ali pa iye, amakadziwa m'mimba mwake.

Mu novela kamphindi kameneka mulibe. Sindikunyoza manovela, amayi akunyumba kwanga nthawi yake ikakwana ngakhale nsima ipserere sacoka. Koma mtsikana wa mu novela amalira cifukwa pepala lanena kuti alire, ndipo anamujambula kangapo mpaka msozi unatsika bwino. Palibe angagwe. Wocita sewero lolembedwa akaseka pakati pa mawu ake, walakwitsa, amadula n'kuyambiranso. M'masewero opanda pepala, wina akalephera kudzigwira n'kubisa nkhope m'manja cifukwa ca zimene mnzake wanena, ife timasekeratu kwambiri, pakuti taona ndi maso kuti nayenso sanali kudziwa zimene zikubwera. Wadabwa limodzi nafe.

Mnzanga akuti mulibe phunziro. Apa ndiye ndikhalitsapo, cifukwa ndi pamene walakwa kwambiri, ndipo walakwa ali mphunzitsi.

Masewera amenewa ali ndi lamulo limodzi lalikulu: cimene mnzako wakupatsa cilandire, ndipo uonjezerepo cako. Tiyerekeze kuti ana awiri ali pabwalo. Woyamba akuti, "Atate, mbuzi yalowa m'chalichi!" Waciwiri akayankha kuti, "Ine si atate ako, ndipo pano palibe mbuzi," sewero lafera pomwepo, ndipo mnzake watsala wamanyazi. Koma akati, "Isiye mwana wanga, nayonso ili ndi macimo ake, dzulo inadya cimanga ca akatekisita," nkhani yabadwa. Tsopano tili ndi bambo, mwana, mbuzi yolapa ndi akatekisita amene akubwera ndi mkwiyo. Kuti uyankhe cotero uyenera kumva mawu onse a mnzako, kutaya zimene unakonzeratu m'mutu, ndi kumukhulupirira kuti nayenso sakusiya wekha pamtengo paja. Ndiuzeni, abale anga, pamisonkhano yathu ya m'mudzi ndi angati amene amacita zimenezi? Ambiri a ife mnzathu akamalankhula timangodikira kuti atseke pakamwa tinene zathu zimene tinabwera nazo kucokera kunyumba. Msonkhano wa mjigo umatha maola atatu, aliyense walankhula, palibe wayankha mnzake.

Ndipo masewerawa sanabadwire mu televizau. Ambiri anacokera m'manja mwa aphunzitsi. Ku Chicago, ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, mayi wina dzina lake Viola Spolin ankagwira nchito ndi ana a m'madera osauka, ambiri a iwo ana a anthu obwera kucokera kumaiko ena. Anaona kuti mwana ukamuuza kuti "cita sewero" amauma ngati citsa, koma ukamupatsa masewera okhala ndi lamulo limodzi losavuta amaiwala mantha n'kuyamba kulankhula. Anasonkhanitsa masewerawo m'buku lake Improvisation for the Theater la mu 1963, ndipo mwana wake Paul Sills anali mmodzi mwa oyambitsa bwalo la nthabwala la The Second City mu 1959. Wina ndi Keith Johnstone, Mngerezi amene anakakhazikika ku Calgary m'dziko la Canada, komwe anathandiza kuyambitsa gulu la Loose Moose mu 1977 n'kukonza mpikisano wa magulu ocita masewero opanda pepala wochedwa Theatresports. Buku lake Impro linatuluka mu 1979. Iyeyu ankaimba mlandu sukulu zimene anaphunziramo kuti zimaphunzitsa mwana kuopa kulakwa mpaka nzeru zake zobadwa nazo zimabisala.

Ine mawu amenewo amandilasa, cifukwa ana oterowo ndinawaphunzitsa. Mwana wa kuno kumalire amakula akulankhula Cinyanja, pakamwa pake pali mphepo, kudambo akuweta ng'ombe amatha kuseketsa anzake tsiku lonse. Akalowa m'kalasi n'kukumana ndi Cipwitikizi amasanduka bubu. Si kuti ndi mbuli. Akuopa kuti akalakwitsa liwu limodzi kalasi yonse imuseka ndipo mphunzitsi amukalipira. Ndiye mwana ameneyu akaona pa televizau munthu wamkulu, wochuka, wolipidwa ndalama zambiri, akulakwitsa pamaso pa anthu mazana n'kuseka nawo limodzi osafa, inu mukuti sanaphunzire kanthu?

Ndiulule ucimo wanga. Caka cina pokonzekera 1 Juni, tsiku la ana, ndinalemba sewero la kusamba m'manja. Ndinalilemba m'Cipwitikizi coyera bwino cifukwa kunali kubwera alendo ocokera kuboma, ndipo ana analiloweza milungu itatu. Tsikulo litafika makolo anakhala padzuwa, ambiri osamva zimene zikunenedwa, amayi akuyamwitsa, abambo akuodzera. Pakati pa sewero mnyamata amene anali bambo wa m'nyumba anaiwala mawu ake. Kunangoti zii. Ine kumbali thukuta lili kamukamu, ndikumunong'oneza, iye osamva. Nthawi yomweyo nkhuku ya pakhomo lina inadutsa pakati pabwalo. Mnyamatayo anaiyang'ana n'kunena m'Cinyanja, mokweza, "Mayi a mwana, taonani ndiwo yadzibweretsa yokha!" Bwalo lonse linadzuka. Mtsikana amene anali mkazi wake sanacedwe: anamugwira dzanja nati, "Ndi manja amenewa? Mwacokera nawo kuti? Kasambeni kaye, apo ayi mudya nthenga." Anthu anagubuduka ndi kuseka, agogo ena mpaka kuimba nthungululu.

Mukudziwa cimene ndinacita? Madzulo ake ndinamuitana mnyamatayo, ndinamukalipira kuti wandicititsa manyazi pamaso pa alendo, ndipo ndinamucotsa m'gulu la masewero. Lero ndi bambo wa ana, amanyamula anthu panjinga yamoto pamalire pomwepa, ndipo tikakumana amandipatsa moni waulemu umene sindiuyenera. M'mudzi muja mpaka pano mayi akaona mwana akuthamangira mbale osasamba amamuuza kuti adya nthenga. Mwa mawu onse amene ine ndinalemba usiku ndi nyali, palibe ngakhale limodzi limene munthu akulikumbukira.

N'cifukwa cake ndikamva mawu akuti "phunziro" ndimayamba ndafunsa kuti phunziro lake liti. Kwa zaka zambiri tsopano masewero a m'midzi yathu akhala a mapulojekiti. Galimoto imabwera, acinyamata amapatsidwa malaya olembedwa ndi kandalama ka sopo, n'kupatsidwanso pepala. Sewero lake tonse timalidziwa lisanayambe. Pali bambo wouma mutu amene watenga neti ya udzudzu n'kuchingira dimba. Pali mayi wolira. Mwana amadwala. Namwino amabwera n'kulankhula mphindi khumi ngati akuwerenga cikwangwani ca kucipatala. Bambo uja amagwada, amalapa, onse amaimba nyimbo. Musandimve molakwa: neti ndi yabwino, katemera ndi wabwino, ndipo malungo anandilanda mdzukulu. Koma sewero limene mathero ake aliyense akuwadziwa ndi ulaliki wovala zigamba. Anthu amakhalapo mwaulemu, cifukwa ndife anthu aulemu, ndipo mwina kumapeto kugawidwa kanthu. Bambo weniweni amene neti yake ili kudimba amaonera, amaseka pang'ono, n'kubwerera kudimba kwake, cifukwa palibe amene wamufunsa kuti nkhuku zimene zikumuthera mbewu azicita nazo bwanji. Acinyamata athu akathawa zimenezi n'kukadzaza m'baraka kuti aone anthu amene sakudziwa mathero, ine sindiwaimba mlandu.

Ena akuti ndi za azungu, zikutionongera cikhalidwe. Mawu amenewa amandiseketsa kuposa pulogalamu yomwe. Kodi agogo athu ankawerenga nthano papepala? Akati "Padangokhala," ife n'kuyankha "Tili tonse," nthano ya kalulu yomweyo inkasintha usiku uliwonse. Mwana akaba nsinjiro masana, madzulo fisi wa m'nthano ankapezeka kuti nayenso ndi wakuba nsinjiro, ndipo tonse tinkaceukira mwiniwake. Amayi pamtondo ankapeka nyimbo pomwepo, wina kuponya mzere, mnzake kuulandira n'kuonjezera, mpaka apongozi ali pakhonde amve zimene sakanauzidwa pamaso. Pamaliro, adzukulu amatengera mayendedwe a malemu, kutsokomola kwake, mmene ankakanira ngongole, anamfedwa n'kuseka misozi ili m'maso. Ndani anawalembera? Za kudambwe sindizinena pano, koma cimene aliyense amaona pabwalo n'cakuti Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005 m'dzina la Malawi, Mozambique ndi Zambia, ali ndi zilombo zotengera alendo amene anafika m'dziko muno, ndipo cilombo cimavina moyankha ng'oma, amayi oimba ndi khamu la tsikulo. Kulandira cimene mnzako waponya n'kucibweza cili cokoma, ife tinali nako kale. Cimene cinabwera ndi sitima ndi pepala loloweza. Ambiri a ife amene tinathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu nthawi ya nkhondo, mtendere wa 1992 usanabwere, tinakulira pa Sewero la Sabata Ino ndi Pamajiga pa wailesi ya MBC, ndipo pambuyo pake tinaseka Izeki ndi Jakobo. Cimene cinkatikoka kwa iwo cinali cakuti ankalankhula monga timalankhulira pamsika, mawu otuluka m'kamwa mwa munthu wamoyo. Mayi wa zitumbuwa uja ataona alendo anayi akucita zimene amayi ake ankacita pamtondo, anazizindikira.

Pali zina zimene otsutsa akanatha kunena n'kukhala ndi mfundo, ngakhale sazinena cifukwa sanakhale pansi kuti aonere. Ndiwathandize.

Televizau imanama pang'ono. Pulogalamu imene ife timaiona kwa theka la ola amaijambula kwa maola angapo, kenako n'kusankhamo zokoma zokhazokha. Zimene zinagwa mphwayi, pamene oonera anangoti duu, sitizionako. Tingati mtengo wa pamtsinje uja aupala kuti usaterere kwambiri. Komanso anthuwa si ongotoledwa pamsewu. Colin Mochrie ndi mnzake wamtali uja Ryan Stiles anadziwana kalekale ku Vancouver, m'magulu a Theatresports, ndipo acita masewera amenewa limodzi zaka makumi. Wina akangokweza nsidze mnzake wadziwa kale kolowera. Mawu sanakonzeretu, koma luso analikonza kwa moyo wonse, monga woimba ng'oma amene sadziwa kuti wovina aponda pati koma manja ake ndi okonzeka. Wacinyamata amene akuganiza kuti sewero lopanda pepala ndi sewero lopanda kukonzekera adzagwa m'madzi tsiku loyamba. Zoona zonsezi. Koma kwa ine zikungosonyeza kuti masewerawa amakoma koposa pabwalo lenileni, pamene palibe wodula, kusiyana ndi pagalasi.

Cina n'cakuti nthabwala zawo zina ndi zolaula, zoti sungaonere pamodzi ndi apongozi. Kwawoko n'zololedwa, kwathu kuno ayi, ndipo mwini baraka amene amaonetsa zoterozo ana a sukulu ali m'katimo ayenera kudzudzulidwa. Koma coopsa cacikulu ndi ici, ndipo ndikuuza acinyamata amene ndikuwaikira kumbuyo: munthu akasowa conena pabwalo amathamangira nthabwala yapafupi, ndipo nthabwala yapafupi nthawi zonse imagwera wofooka. Wacibwibwi, wolumala mwendo, wamisala wa pamsika, mayi wonenepa, munthu wakumudzi amene Cipwitikizi cake n'cothyokathyoka. Zimenezi ndaziona pa makanema a m'mizinda yathu ndi pa timafilimu ta m'mafoni: wovala jekete long'ambika, cingwe m'ciuno, akulankhula ngati ife kuti a m'tauni aseke. Kumeneko ndi ulesi, ndipo wosekedwayo ndi amayi ako. Taonani kuti m'pulogalamu ija amene amasekedwa kwambiri ndi ocita sewero eni ake ndi woyendetsa, bwana wa pampando. Dazi la Mochrie lasekedwa zaka zonsezi, mwini wake ali pomwepo ndipo amabweza. Nthabwala yabwino imafuna munthu woti angathe kubweza.

Tsopano ndifike pamene pagona nkhani. N'cifukwa ciyani akuluakulu ena amadana ndi sewero lopanda pepala ngakhale likhale laulemu? Cifukwa pepala amatha kuliwerengeratu n'kufufutamo. Ku Malawi lamulo la mu 1968 linakhazikitsa bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi masewero, ndipo m'nthawi ya Kamuzu sewero linkayenera kuloledwa lisanaonetsedwe. Ku Brazil, Augusto Boal, amene anayambitsa Teatro do Oprimido, anamangidwa ndi boma la asilikali mu 1971 n'kuthawa m'dziko. Iyeyu pambuyo pake anakonza mtundu wa sewero umene woonera angathe kuimitsa nkhani, kukwera pabwalo, kutenga malo a wozunzikayo n'kuyesa njira yake; ku Maputo kuli gulu limene limagwiritsa nchito njira imeneyi. Sindikunena kuti anthu anayi osewera ndi siponji pa televizau ya ku America ndi omenyera ufulu. Iwo akungofuna kuseketsa anthu ndi kulandira malipiro. Koma cizolowezi cofuna pepala patsogolo tinacitengera ku nthawi za mantha, ndipo catsala m'mafupa mwathu ngakhale pamene palibe woopseza. Taonani pa zikondwerero zathu: mlendo wolemekezeka amawerenga zimene anamulembera wina, mwana wa sukulu amawerenga uthenga umene analemba mphunzitsi, woimira amayi amawerenga zimene analemba mwamuna. Tsiku lonse limatha popanda munthu mmodzi wonena mawu amene abadwa pomwepo. Ndiye tikudabwa kuti ana akukonda baraka?

M'mudzi mwathu muli gulu la anyamata ndi atsikana asanu ndi atatu amene akhala akuyeserera masewera amenewa kuseri kwa sukulu. Awasandutsa athu. M'malo mwa siponji amagwiritsa nchito mthiko, licero ndi tayala lakutha la njinga. Masewera a mafunso okhaokha amawacita ngati wapolisi wa pamalire ndi mayi wonyamula thumba la nyemba, ndipo ndinaseka mpaka cifuwa kundiwawa pamene mayiyo anafunsa wapolisiyo ngati nyemba nazonso zimafuna pasipoti. Ali ndi ena amene anapeka okha: wina amalankhula Cipwitikizi ca muofesi, mnzake n'kumamasulira m'Cinyanja zimene bwanayo akutanthauza mumtima. Anapempha kuti acite nawo pa cikondwerero ca 25 Juni. Okonza mwambo anawayankha kuti abweretse sewero lawo lolembedwa, m'Cipwitikizi, kutatsala milungu iwiri. Anawo anati palibe coti alembe, pakuti nkhani idzacokera kwa oonera tsiku lomwelo. Anauzidwa kuti ngati palibe pepala palibenso malo.

Ndinapita ndekha kukawapempherera. Ndinati ine ndikhale cikole. Ndinawauza malamulo atatu amene ndinagwirizana ndi anawo: osaseka cilema ca munthu, osachula dzina la munthu amene sanavomere, osanena mawu amene sungawanene apongozi ali pomwepo. Mkulu wina anandifunsa kuti, "Nanga akanena zolakwika pamaso pa alendo?" Ndinamuyankha kuti angathedi kunena, monga mmene mlendo wolemekezekayo angathe kupunthwa powerenga pepala lake, ndipo dziko silidzatha. Ndinaona nkhope yake, ndipo ndinaizindikira: ndi nkhope imene ndinali nayo ine tsiku la nkhuku lija. Yankho lawo lomaliza sanapereke, akuti akaganizire.

Ife sitidikira. Loweruka loyamba la mwezi wamawa, dzuwa likapendeka, anawo adzacita masewera awo pansi pa mtengo wa mkuyu pafupi ndi mjigo, ndipo mfumu yavomera. Sipadzakhala malaya ogawa kapena ndalama ya sopo. Tidzayendetsa licero kuti aliyense aponyemo kapepala kolembapo malo, nchito kapena cinthu cimene akufuna kuti cioneke m'sewero. Amene salemba adzanong'oneza mwana wa sukulu amulembere, m'cinenero ciliconse mwa ziwirizi. A tsidya la Malawi amene mumabwera kumsika, mseu ndi womwewo, tulukirani. Wanjinga yamoto uja ndinamupeza pamalire sabata yatha, ndinamupepesa za caka cija, ndipo ndinamupempha kuti adzakhale woyendetsa masewera ndi kugawa mapointi opanda nchito aja. Anaseka nthawi yaitali asanavomere.

Mnzanga mphunzitsi uja ndamusungira mpando kutsogolo. Akuti adzabwera kuti adzaone mmene ana anga adzagwere m'madzi. Ndamuuza kuti asacedwe, ndipo abwere ndi kapepala kake ka m'licero.